Pepala la kanyama ka prostate lisagone m'kabati

Bambo wa ku Mkanda kapena ku Kapiri akayamba kuvutika pokodza, ulendo wake umadziwika. Amayamba wapirira miyezi ingapo osauza munthu. Kenaka amapita kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumeneko amamutumiza kuchipatala cha boma ku Mchinji, ndipo madokotala akakayikira khansa ya prostate amamulembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera paboma. Kumeneko ndi komwe amamva mawu amene abambo ambiri amawaopa, oti pakufunika kutenga kanyama kuti kakayezedwe.

Apa ndi pomwe timataya anthu, ndipo timawataya m'njira ziwiri. Ena amakana, ati khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Ena amavomera, kanyama n'kutengedwa, koma sabwereranso kukamva zotsatira chifukwa ndalama ya basi yatha, kapena amapatsidwa pepala la Chingerezi lodzaza manambala n'kungolipinda m'buku la kuchipatala osadziwa chomwe likunena.

Maganizo athu ndi akuti pa mapepala onse amene bambo wodwala khansa ya prostate angapatsidwe, limeneli ndiye lofunika koposa. Limanena ngati khansayo ili yofatsa kapena yolusa, komanso mpata womwe ulipo woti yafalikira kale kapena ifalikira posachedwa. Ntchito yoyeza kanyama imatha pokhapokha mwini wake wamva zotsatira m'chilankhulo chake ndipo akudziwa chochita. Kupanda apo, ululu wa singano, ndalama za ulendo ndi ntchito ya akatswiri a kulabotale zimapita pachabe.

Kanyama amakatengeranji?

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha, kakakulu ngati suku, komwe kali pansi pa chikhodzodzo. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, n'chifukwa chake kakatupa mkodzo umatuluka movutikira. Abambo ambiri akapitirira zaka 50 prostate yawo imakula, ndipo nthawi zambiri kukulako si khansa. Kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo wofooka, kapena kudikira kaye usanayambe kutuluka, kawirikawiri ndi zizindikiro za kukula wamba kumeneku. Khansa imakonda kuyambira m'mphepete mwa kachiwaloka, kutali ndi njira ya mkodzo, choncho ingathe kukula zaka zambiri mwakachetechete.

Kuyeza magazi kotchedwa PSA ndi kupima ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi kumathandiza dokotala kukayikira, koma sikutsimikiza. PSA imakweranso prostate ikangokula, m'njira ya mkodzo mukakhala matenda, kapena munthu akaikidwa kumene kapaipi ka mkodzo. Chotsimikiza ndi kuyeza kanyama, komwe madokotala amati biopsy. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenaka amalowetsa singano yowonda kudzera kotulukira chimbudzi kapena pakhungu lapafupi napo, n'kutenga tinyama 10 kapena 12 m'mbali zosiyanasiyana za prostate. Kalikonse n'kowonda ngati ulusi, ndipo kutalika kwake kumakhala pafupifupi masentimita awiri kapena kuchepera. Tinyamato amatiika m'timabotolo ta mankhwala a formalin kuti tisawole, n'kutitumiza kulabotale. Kumeneko amatidula mopyapyala kwambiri, kutipaka utoto, ndipo dokotala wodziwa za minofu amationa pamakina okuza tinthu ting'onoting'ono otchedwa maikulosikopu.

Mwayi woyezetsa tinyama ku Lilongwe si wakale kwenikweni. Labotale yoyeza minofu ya ku Kamuzu Central Hospital idayamba ntchito m'chaka cha 2011, mogwirizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi University of North Carolina ya ku America. Isanatsegulidwe, tinyama ta odwala a m'chigawo chapakati tinkayenda ulendo wa ku Blantyre. Choncho bambo wa ku Mchinji wa lero ali ndi mwayi womwe bambo ake analibe.

Nanga zoti singano imadzutsa khansa? Biopsy ya prostate yachitika kwa amuna mamiliyoni ambiri padziko lonse, ndipo zoti khansa yatsatira njira ya singano zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, moti madokotala sazitenga ngati chifukwa cholekera. Mantha amenewa ali ndi gwero lomveka. Abambo ambiri kuno amafika kuchipatala khansa italowa kale m'mafupa. Amatengedwa kanyama mwezi uno, miyezi ingapo maliro, ndipo pamudzi amaloza singano. Tambala amalira dzuwa lisanatuluke, koma si iye amalitulutsa. Chomwe chidapha bamboyo ndi zaka zomwe nthendayo idakhala m'thupi osadziwika.

Zovuta zenizeni za biopsy ndi zina, ndipo banja lizidziwe. Magazi pang'ono mumkodzo kapena m'chimbudzi kwa masiku angapo, ndi muumuna kwa masabata angapo, si zodabwitsa. Choopsa ndi kutentha thupi, kunjenjemera, kulephera kukodza kapena magazi osaleka. Zikatero wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa tizilombo tingathe kulowa m'magazi. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga aspirin kapena warfarin, auze dokotala lisanafike tsiku la biopsy.

Manambala a papepala

Mlimi wa fodya amadziwa kuti masamba onse ndi fodya koma mtengo umatsatira giredi. Khansa ya prostate nayo ili ndi magiredi. Amene adayambitsa njira yowerengera magiredi amenewa ndi Donald Gleason, dokotala woyeza minofu pachipatala cha asilikali opuma mumzinda wa Minneapolis ku America, m'chaka cha 1966. Iye adaona kuti mmene maselo a khansa akhalirana pamaikulosikopu zimagwirizana ndi mmene odwalawo amathera patapita zaka.

Prostate yabwinobwino imapangidwa ndi timatumba ting'onoting'ono tozungulira, tokhala mwadongosolo. Khansa ya mtundu 3 imapangabe timatumba tooneka bwino, kalikonse pakokha, ngati nyumba za m'mudzi zomwe iliyonse ili ndi bwalo lake. Mu mtundu 4 timatumbato taphatikana, malire asokonekera, ndipo penapake pamaoneka tizibowo tambirimbiri ngati sefa. Mu mtundu 5 mulibenso timatumba, maselo angomwazikana kapena kuunjikana. Dongosolo likamasokonekera, khansa imakhala yolusa ndipo imathamangira kutuluka m'prostate.

Woyeza amalemba manambala awiri n'kuwaphatikiza. Yoyamba ndi mtundu womwe wachuluka m'kanyamako, yachiwiri ndi woipitsitsa mwa otsalawo. N'chifukwa chake papepala pamaoneka zinthu ngati Gleason 3+3=6, 3+4=7, 4+3=7 kapena 4+5=9. Pali misampha iwiri yomwe imasokoneza mabanja. Woyamba ndi wakuti 6 imaoneka ngati nambala yayikulu pa 10, pomwe masiku ano ndiyo yotsikitsitsa imene imalembedwa pa biopsy. Wachiwiri ndi wakuti 3+4 ndi 4+3 zonse zimapereka 7, koma si nthenda yofanana, chifukwa mu 4+3 mtundu woipawo ndiwo wachuluka.

Pofuna kuthetsa chisokonezo chimenechi, akatswiri oyeza minofu adakumana ku Chicago m'chaka cha 2014 n'kugwirizana za magulu asanu otchedwa Grade Group, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawavomereza mu 2016. Gulu 1 ndi Gleason 6. Gulu 2 ndi 3+4. Gulu 3 ndi 4+3. Gulu 4 ndi Gleason 8. Gulu 5 ndi Gleason 9 kapena 10.

Kusiyana kwa maguluwa si kwa papepala pokha. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Jonathan Epstein wa ku Johns Hopkins, yemwe adasindikizidwa mu 2016, adatsata amuna oposa 20 000 omwe adachotsedwa prostate. Patatha zaka zisanu, mwa amuna 100 aliwonse a gulu 1, okwana 96 analibe chizindikiro choti khansa yabwerera. Pa gulu 2 anali 88, pa gulu 3 anali 63, pa gulu 4 anali 48, ndipo pa gulu 5 anali 26 okha.

Pepala labwino limanenanso zina. Limanena tinyama tingati mwa tomwe tidatengedwa tili ndi khansa, ndi gawo lalikulu bwanji la kanyama kalikonse lomwe lagwidwa. Tinyama 2 mwa 12 ndi nkhani ina, 10 mwa 12 ndi nkhani inanso. Limanena ngati maselo a khansa azungulira mitsempha ya ubongo yodutsa m'prostate, yomwe khansa imaitsata potuluka, ngati maonekedwe a sefa aja alipo, komanso ngati khansa yaoneka m'mafuta a kunja kwa prostate. Chilichonse mwa izi chimakweza mpata woti nthenda yadumpha mpanda.

Ikadumpha imapita kuti? Imayamba ndi ziwalo zoyandikana nazo, monga timatumba tosunga madzi a umuna. Imafika m'timinofu ta m'chiuno tija tikatupa timati mwanabele. Koma komwe imakonda kwambiri ndi m'mafupa, makamaka a msana, chiuno ndi nthiti.

Kulosera kumatheka bwanji?

Giredi payokha sikwanira. Madokotala amaiphatikiza ndi zinthu zina ziwiri: kuchuluka kwa PSA ndi zomwe chala chidamva popima. M'chaka cha 1993, Alan Partin ndi anzake ku Johns Hopkins adasonkhanitsa zotsatira za amuna omwe adachitidwa opaleshoni n'kupanga ndandanda yoonetsa mpata woti khansa idakali m'kati mwa prostate kapena yatuluka. Mu 1998, Anthony D'Amico adagawa odwala m'magulu atatu omwe akugwiritsidwabe ntchito. Chiopsezo n'chochepa ngati PSA sidapitirire 10, Gleason ndi 6 ndipo chotupa n'chaching'ono. N'chapakati ngati PSA ili pakati pa 10 ndi 20 kapena Gleason ndi 7. N'chachikulu ngati PSA yaposa 20, kapena Gleason ndi 8 mpaka 10, kapena chotupa chagwira mbali zonse ziwiri.

Tiyerekeze abambo awiri a zaka 64, wina wa ku Tembwe wina wa ku Nkhwazi, onse auzidwa kuti ali ndi khansa ya prostate. Woyamba PSA yake ndi 7, Gleason 3+3, tinyama 2 mwa 12, ndipo chala sichidamve chotupa. Wachiwiri PSA yake ndi 35, Gleason 4+5, tinyama 10 mwa 12, ndipo prostate ndi yolimba ngati mwala. Dzina la nthenda ndi limodzi, koma zomwe akuyenera kuchita n'zosiyana kotheratu.

Woyambayo mwina safunika opaleshoni kapena mankhwala alionse pakadali pano. Khansa ya gulu 1 yokhayokha pafupifupi sifalikira. Chomwe akufunika ndi kuyezetsa PSA pa nthawi zomwe dokotala wanena ndi kubwereza biopsy pakafunika. Kafukufuku wa ProtecT ku Britain adatsata amuna 1 643 a zaka 50 mpaka 69 omwe khansa yawo idapezeka isanatuluke m'prostate. Ena adachitidwa opaleshoni, ena adaotchedwa khansayo ndi makina, ena ankangoyang'aniridwa. Zotsatira za mu 2023 zidaonetsa kuti patatha zaka 15, amuna pafupifupi 97 mwa 100 aliwonse anali asanafe ndi khansayi, posatengera njira yomwe adalandira, ngakhale kufalikira kudachitika mochulukirapo mwa ongoyang'aniridwa. Bambo wa ku Tembwe akapanda kufotokozeredwa pepala lake, adzagulitsa ng'ombe ndi munda kusaka mankhwala a nthenda yomwe mwina sikadamupha, kapena adzagona pamphasa kudikira imfa yomwe ili kutali.

Wachiwiriyo alibe nthawi yotaya. Akufunika kujambulidwa kuti aone ngati khansa yafika m'mafupa, ndipo thandizo liyambe msanga. Ngati sidafalikire, kuotcha ndi makina pamodzi ndi mankhwala kungathe kumuchiza. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna thandizo la kuotcha, lomwe madokotala amati radiotherapy, ankayenera kutuluka m'dziko, ena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ena ku Tanzania kapena ku India. Kutsegulidwa kwa National Cancer Centre ku Lilongwe mu 2025 kwafupikitsa ulendowo. Ngati yafalikira, thandizo lilipobe. Charles Huggins adaonetsa m'chaka cha 1941 kuti khansa ya prostate imadalira mahomoni achimuna, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 1966 chifukwa cha ntchitoyi. Kuchepetsa mahomoniwo ndi jakisoni, kapena ndi opaleshoni yaying'ono yochotsa machende, kumafooketsa khansa ndi kuchepetsa ululu wa m'mafupa kwa miyezi yambiri, nthawi zina zaka. Sikuchiza, ndipo kumachepetsa mphamvu za m'banja. Abambo ali ndi ufulu wouzidwa zimenezi poyera kuti asankhe akudziwa.

Anthu otchuka atisonyeza mbali zonse ziwiri. Desmond Tutu adapezeka ndi khansayi mu 1997 ndipo adakhala ndi moyo mpaka 2021, ali ndi zaka 90. Nelson Mandela adalandira thandizo la kuotcha mu 2001 n'kukhalanso zaka 12. Woimba Hugh Masekela adamwalira nayo mu 2018. Mu 2025 ofesi ya mtsogoleri wakale wa America Joe Biden italengeza za matenda ake, idatchula manambala omwe tafotokozawa: Gleason 9, gulu 5, ndipo khansa idali itafika m'mafupa. Manambala amene dziko lonse lidawerenga tsiku limenelo ndi omwewo amalembedwa papepala la mlimi wa ku Mchinji.

Pomwe kulosera kumaperewera

Tinene chilungamo: biopsy imalosera mpata, sinena za mawa motsimikiza. Wogula mtedza pa Kamwendo amapisa dzanja m'thumba malo angapo n'kuweruza thumba lonse. Nthawi zambiri amalondola, koma mtedza wachuku ungathe kubisala pansi pomwe dzanja silidafike. Tinyama 12 ndi kagawo kochepa kwambiri ka prostate. Si zachilendo kuti prostate yonse ikachotsedwa n'kuyezedwa, giredi ipezeke yokwera kuposa yomwe biopsy idanena. Nthawi zina singano imaphonya khansa yonse. Choncho pepala lonena kuti khansa sidapezeke silikutanthauza kuti bambo asiye kupita kusikelo yake, makamaka ngati PSA ikukwerabe.

Chachiwiri, ndandanda za Partin ndi D'Amico zidapangidwa kuchokera kwa amuna a ku America omwe ambiri khansa yawo idapezeka msanga. Amuna akuda ali pachiopsezo chokulirapo. Ku Britain akuti mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi adzadwala khansayi m'moyo wake, poyerekeza ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu mwa amuna onse. Tikufunika kafukufuku wathuwathu, wotsata abambo a kuno kuyambira tsiku la biopsy, ndipo Kamuzu University of Health Sciences ili pamalo abwino kutsogolera ntchitoyi.

Chachitatu, pali abambo omwe safunika kudikira pepala. Munthu akafika ndi PSA ya m'mahandiredi, prostate yolimba ndi zithunzi zoonetsa khansa m'mafupa, dokotala angathe kuyamba thandizo la mahomoni biopsy isanachitike kapena zotsatira zisanatuluke. Banja lisaone ngati dokotala wadumpha ndondomeko.

Sitikunenanso kuti mwamuna aliyense athamangire biopsy. Kuyeza PSA mwachisawawa kumapeza khansa zambiri zofatsa, n'kubweretsa mantha ndi maopaleshoni osafunikira, omwe ena amasiya munthu akudontha mkodzo kapena wopanda mphamvu kuchipinda. Chanzeru n'chakuti bambo wa zaka 45 mpaka 50 kupita m'tsogolo, makamaka amene bambo ake kapena mchimwene wake adadwalapo khansayi, akambirane ndi achipatala za kuyezetsa, ndipo amene ali ndi vuto pokodza asabise. Magazi mumkodzo nawo asangotengedwa ngati likodzo wamba mwa munthu wamkulu, akayezetse.

Ntchito ya banja ndi odzipereka

Inu amayi, ana ndi adzukulu, musalole bambo apite okha kukamva zotsatira. Munthu akamva mawu oti khansa, makutu amatseka ndipo zina zonse zomwe dokotala wanena zimapita ndi mphepo. Pakhale wina wogwira cholembera. Tikudziwa kuti mwana wamkazi sangakambe ndi bambo ake za ziwalo zobisika, ndipo mkamwini ndiye sayerekeza n'komwe. Komatu pabanja sipasowa mchimwene, malume, nkhoswe kapena mkulu wa mpingo yemwe bamboyo amamasuka naye. Mpezeni ameneyo aperekeze.

Safunsa adadya phula. Pali mafunso anayi oyenera kufunsa musanatuluke m'chipinda cha dokotala. Kodi ndi khansa, ndipo ili m'gulu liti pa magulu asanu aja? Ndi tinyama tingati mwa tingati tomwe tapezeka nayo? Kodi pali chizindikiro choti yatuluka m'prostate, ndipo pakufunika kujambula kapena kuyeza chinanso? Thandizo lotsatira ndi lotani, kuti, ndipo tsiku liti? Mayankho alembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo pepala la zotsatira mulijambule pafoni. Kuno kumalire ena amaoloka kukalandira thandizo ku Mwami kapena ku Chipata. Manambala a Gleason amawerengedwa chimodzimodzi ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Lusaka, choncho pepala likhale m'thumba paulendo uliwonse kuti bambo asabayidwenso kachiwiri popanda chifukwa.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, boma la Mchinji likudziwa kale mphamvu zanu. Ntchito ya MaiMwana, yomwe zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, idaonetsa kuti magulu a amayi ndi alangizi odzipereka a m'mudzi momwemo angathe kusintha umoyo wa amayi ndi makanda. Abambo okalamba akufunika chidwi chomwecho. Ntchito yanu si kumasulira manambala kapena kuuza munthu masiku omwe atsala. Imeneyo ndi ya dokotala. Yanu ndi kudziwa yemwe adatumizidwa ku Lilongwe, kumufunsa ngati adapita, ngati zotsatira zidabwera, ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo pakapita nthawi yomwe adauzidwa popanda yankho. Chinsinsi cha wodwala chisungidwe. Bambo mmodzi akamva nkhani yake ikukambidwa pachitsime kapena pabawo, anzake khumi sadzapita kuchipatala.

Dziwaninso zizindikiro zosadikira m'mawa. Bambo yemwe ali ndi khansa ya prostate, kapena akuganiziridwa kuti ali nayo, akayamba kumva msana kupweteka kwambiri, miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kulephera kukodza, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, n'kutheka kuti khansa ikufinya mtsempha waukulu wa m'msana. Akathandizidwa mwachangu angathe kuyendabe. Akachedwa masiku, amapuwala. Kwa amene khansa yafika patali, ululu si chinthu chopirira. Chisamaliro chochepetsa ululu, kuphatikizapo mankhwala a morphine akumwa, ndi gawo la thandizo la m'zipatala zathu, ndipo banja lili ndi ufulu wochipempha.

Pempho lathu kwa akuluakulu

Bungwe la akatswiri lomwe magazini ya The Lancet idakhazikitsa lidanena mu 2024 kuti opezeka ndi khansa ya prostate padziko lonse adzachoka pa 1.4 miliyoni pachaka mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo kukwera kwakukulu kudzakhala m'maiko osauka. Mchinji, yomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti ili ndi anthu oposa 600 000, sidzasiyidwa. Abambo omwe kale akadamwalira achichepere ndi Edzi tsopano akukalamba chifukwa cha ma ARV, ndipo ukalamba ndiwo khomo lalikulu la khansayi. Dziko lino lili ndi ndondomeko yolimbana ndi khansa ya 2019 mpaka 2029. Tikupempha zinthu zinayi zomwe sizifuna nyumba yatsopano.

Choyamba, Unduna wa Zaumoyo ukhazikitse nthawi yodziwika yomwe zotsatira za biopsy ziyenera kutuluka, ndipo wodwala aziuzidwa tsikulo pomwe kanyama katengedwa.

Chachiwiri, zotsatira zizitsatira wodwala kuboma lake m'malo moti wodwala azizitsatira ku Lilongwe. Njira ilipo kale. Magazi oyeza kuchuluka kwa HIV ndi makhololo a TB amanyamulidwa panjinga zamoto kuchoka m'zipatala zazing'ono, ndipo zotsatira zimabwerera komweko. Palibe chifukwa choti mlimi alipire ulendo wa makilomita 220, kupita ndi kubwera, kuti akangouzidwa kuti pepala silidatuluke.

Chachitatu, chipatala cha boma chikhale ndi kaundula wa onse otumizidwa kukayezetsa kanyama, ndi munthu mmodzi wodziwika woyang'anira kaundulayo, woimbira foni amene asowa.

Chachinayi, zotsatira zilizonse zikhale ndi mizere iwiri kapena itatu ya Chichewa chomveka m'buku la wodwala: gulu la khansa, chiopsezo chake ndi chochita chotsatira. Izi zikufuna kuti azachipatala a m'maboma aphunzitsidwe kuwerenga ndi kufotokoza mapepalawa, kuti madokotala oyeza minofu achuluke, ndiponso kuti formalin, singano ndi zoyezera PSA zisamasowe. Wayilesi ya Mudzi Wathu, mafumu ndi mipingo athandize kuchotsa mantha a singano.

Tikadzafunsa ngati thandizo la khansa ya prostate lafikadi ku Mchinji, sitidzawerenga makina a ku Lilongwe okha. Tidzapita ku Mkanda kwa bambo yemwe adatengedwa kanyama miyezi iwiri yapitayo n'kumufunsa ngati akudziwa gulu la khansa yake ndi tsiku lomwe akuyembekezeka kuchipatala. Akadzayankha mafunso awiriwo, ndiye kuti singano ija idagwira ntchito yake.